Thenga wathu woyamba ku America, ndi belo la fodya la pa Mwazisi

Kwa inu a ku Mwazisi, ku Bolero, ku Hewe ndi chigwa chonse cha Nkhamanga, monire mose. Ndikudziwa kuti ino ndi nthawi imene ambiri mwangoweruka kumene kuzigafa, manja akadali nyatinyati ndi phula la fodya. Ndiye ndiyambira pa fodya pomwepo, ngakhale nkhani yanga lero ndi ya akazembe.

Pa 1 Novembala 2019, nthambi ya boma la America yoona za katundu wolowa m'dzikomo idalamula kuti fodya aliyense wochokera ku Malawi azigwidwa padoko. Adati m'minda mwathu mukugwira ntchito ana, komanso muli anthu ogwiritsidwa ntchito mokakamizidwa. Ndikukayika ngati amene adasaina chikalata chimenecho angaloze Mwazisi pamapu. Koma chikalatacho chidafika pa Mwazisi. Makampani ogula fodya adayenera kuonetsa umboni woti akudziwa mlimi aliyense amene amawagulitsa. Alliance One adaitsegulira khomo mu Juni 2020, Limbe Leaf pambuyo pake chaka chomwecho. Alangizi a makampani adayamba kufunsa za ana ndi sukulu asadafunse za feteleza. Pofika 2021, Nyumba ya Malamulo idathetsa mchitidwe wa matenanti, umene tidakhala nawo zaka zambirimbiri tikuuyang'anira kumbali.

Choncho wina akamati zaukazembe ndi za anthu amataye a ku Lilongwe, muuzeni akafunse belo lake.

Kuno kwathu ukazembe timaudziwa bwino, kungoti timautchula dzina lina. Mnyamata akafuna mbeta, sapita yekha kukaima pamaso pa bambo a mtsikana. Amatuma thenga. Kummwera amati nkhoswe. Thenga sakwatira mtsikanayo, ndipo ng'ombe za malowolo sizichoka m'khola mwake. Katundu wake ndi mawu basi. Amadziwa pogwada, amadziwa nthawi yoseka, amadziwa kuti akamuuza ng'ombe zisanu ndi zitatu sakalipa, amangoti ndamva, ndikawauza eni ake. Koma pali chinthu chimodzi chimene thenga ngakhale wochenjera bwanji sangachite: sangakonze mnyamatayo. Mnyamata akakhala chidakwa chomenya alongo ake, mudzi winawo umamva, ndipo thenga amangotuluka thukuta pachabe.

Ngakhale ufumu wa chigwa chino, malinga ndi mbiri ya makolo imene timakumbutsana ku Bolero pa Gonapamuhanya, udabwera ndi munthu wodziwa kukambirana. Mlowoka adawoloka nyanja akufuna minyanga ya njovu. Sadabwere ndi nkhondo. Adabwera ndi nsalu, mikanda ndi makasu, n'kumapereka kwa eni nthaka, n'kukwatira m'mabanja awo. Dzina loti Chikulamayembe likukumbutsabe za makasuwo. Eni nthaka adakondwa ndi mphatso, ndipo pomwe ankazindikira, mlendo uja adali atasanduka mwini bwalo. Akulu adati kupatsa n'kuika. Mawu amenewa muwasunge, tiwafuna kutsogoloku.

Munthu amene ndikufuna timuganizire usiku uno ndi David Rubadiri. Ana asukulu amamudziwa ngati mlakatuli, ena ngati mkulu wa University of Malawi. Ochepa amakumbuka kuti ndiye adali thenga woyamba wa dziko lino ku America ndi ku bungwe la United Nations.

Adabadwa pa 19 Julayi 1930 ku Liuli, kutsidya kwa nyanja, m'dziko limene lero ndi Tanzania. Makolo ake adali ochokera kuno. Adaphunzira ku Uganda, ku King's College Budo kenako ku Makerere, nadzaphunzitsa ku Dedza. Mu 1959, atsamunda atalengeza nthawi ya chipwirikiti, naye adamutola n'kukamutsekera ku ndende ya Khami, pafupi ndi Bulawayo. Atatuluka adapita ku Cambridge, nabwerako kudzayang'anira koleji ya Soche Hill. Dziko litalandira ufulu pa 6 Julayi 1964, Kamuzu adamutuma ku Washington. Pa 18 Ogasiti 1964 adalowa mu White House kukapereka zikalata zake za ukazembe kwa Pulezidenti Lyndon Johnson. Adali ndi zaka 34.

Tsopano werengani masiku. Kuchoka pa 18 Ogasiti kufika pa 7 Seputembala ndi masiku 20 okha. Pa 7 Seputembala ndi pamene Kamuzu adachotsa Kanyama Chiume, nduna yoona za maiko akunja, bwana wake weniweni wa Rubadiri, pamodzi ndi Orton Chirwa, Augustine Bwanausi ndi mayi Rose Chibambo. Yatuta Chisiza ndi Willie Chokani adatula pansi udindo, Masauko Chipembere nayenso atangofika kuchokera ku Canada. Taganizirani thenga amene wangokhala kumene pamphasa kumudzi wa eni, wangolandira kumene madzi akumwa, uthenga n'kumupeza woti kwanu nyumba ikuyaka, ndipo amene adakutuma athamangitsana ndi zibonga.

Timakonda kukumbukira mkangano wa 1964 ngati wa tiki ya kuchipatala ndi malipiro a ogwira ntchito m'boma. Zoona, zidalipo. Koma pakatikati pake padali funso la ukazembe: kodi Malawi ayende ndi ndani? Nduna zachinyamata zinkafuna dziko litalikirane ndi Apwitikizi amene ankalamulira Mozambique, liyandikire maiko anzathu amene adangomasuka kumene, ndiponso lizindikire boma la ku Peking, limene lero timati Beijing. Kamuzu adauza Nyumba ya Malamulo kuti kazembe wa China ku Dar es Salaam adalonjeza mapaundi 18 miliyoni ngati Malawi angavomere ubale, ndipo iye adaziona ngati chiphuphu.

Pano ndilankhule chilungamo, ngakhale ena a inu simukondwa. Kamuzu sankalota. Adayang'ana mapu n'kuona kuti dziko lathu lilibe doko. Njanji yokha imene tidali nayo inkathera ku Beira, m'manja mwa Apwitikizi. Amuna zikwizikwi, kuphatikizapo agogo anu a ku Rumphi kuno, adali kumigodi ya ku Joni ndi m'mafamu a ku Rhodesia, ndipo ndalama zawo ndizo zinkagula malata ndi njinga kumudzi. Munthu wokhala m'nyumba ya lendi satukwana mwini mpanda umene amadutsamo popita kuchitsime. Amenewo adali maganizo ake, ndipo adawatsata mpaka kumapeto: mu 1966 adapalana ubale ndi Taiwan, mu 1967 ndi boma latsankho la South Africa. John Vorster adabwera kuno mu 1970, Kamuzu nakabweza ulendo mu 1971. Ngongole ya ku Pretoria idathandiza kumanga likulu la Lilongwe. Njanji ya ku Nacala idatsegulidwa mu 1970.

Chimene ndimamutsutsa nacho si kuwerenga mapu ayi. N'choti adaganiza kuti owerenga mapu mosiyana naye ndi adani oyenera ndende kapena thengo. Dziko limene lidali ndi ophunzira owerengeka pa zala lidataya m'miyezi yochepa anthu amene ankadziwa Nyerere, Kaunda ndi Obote ngati anzawo okhala nawo pa mbale imodzi.

Rubadiri adapirira miyezi ingapo. Adali pomwepo pamene Malawi adalandiridwa mu United Nations pa 1 Disembala 1964, tsiku limodzi ndi Zambia ndi Malta. Mu Febuluwale 1965 Chipembere adayesa kulanda boma, nalepherera pa doko la Liwonde. Chaka chomwecho Rubadiri adasiya ntchito.

Kodi adachita bwino? Funso limeneli ndalisinkhasinkha nthawi yaitali. Pali amene amati kazembe si wansembe, ntchito yake ndi kunyamula mawu a boma limene lilipo, akonde asakonde, ndipo aliyense akamathawa zikavuta, adzatsala ndani woti achepetseko ukali wa mfumu? Mfundo imeneyi ili ndi mutu. Ambiri adatsala, nagwira ntchito mwakachetechete, ndipo sindiwaweruza. Koma bwererani kwa thenga uja. Chuma chake chonse ndi choti akalankhula, mbali zonse ziwiri zimamukhulupirira. Tsiku limene adzaime pabwalo kunena kuti mnyamata wathu ndi wofatsa, pamene aliyense waona mabala a alongo ake, basi, ntchito yake yatha, ngakhale atapitiriza kuvala jekete. Anthu amene boma linkawatcha zigawenga adali anzake, ena adagona nawo m'ndende ya atsamunda. Akadaima ku New York kuwanyoza, akadataya chinthu chokhacho chimene adapita nacho. Ine ndimaona kuti adasankha kutaya mpando m'malo motaya mawu.

Mtengo wake udali waukulu. Zaka pafupifupi 30 kunja kwa dziko lake. Adakaphunzitsa ku Makerere mpaka ulamuliro wa Idi Amin udamuchotsako, ndiye kuti adathawa kawiri. Adapita ku Nairobi, kenako ku Botswana. Ana a eni adapindula ndi mutu umene ife tidauponya kudzala.

Ndipo a ku Washington adatani kazembe wachinyamatayo atachoka? Adalandira wina. Mu 1965 momwemo, akuluakulu a ku America ndi a ku Britain adathandiza kutulutsa Chipembere mwachinsinsi kupita naye ku America, ubale wawo ndi Kamuzu n'kupitirira osagwedezeka. Adasunga onse awiri, wina m'dzanja lamanja, wina lamanzere. Sindikunena kuti ndi anthu oipa. Ndikunena kuti dziko lalikulu silipita kumaliro chifukwa cha chibale, limapita litawerenga.

Mukafuna kuona kuwerengako, tsatirani nkhani ya China. Pa 25 Okutobala 1971, United Nations idavota kuti mpando wa China uchoke kwa Taiwan upite kwa Beijing. Maiko 76 adavomera, 35 adakana, 17 sadavote mbali iliyonse. Malawi adali m'gulu la okana, pambali pa America. Koma miyezi itatu m'mbuyo mwake, Henry Kissinger adali atazemba kale kupita ku Beijing, ndipo mu Febuluwale 1972 Pulezidenti Richard Nixon adakagwirana chanza ndi Mao Zedong. Pofika 1 Januwale 1979, America idazindikira Beijing poyera. Ife tidatsala tikulondera pakhomo pa nyumba imene mwini wake adatulukira kuseri.

Zomwezo zidaoneka nkhondo yamawu ya pakati pa America ndi Soviet Union itatha. Kwa zaka zonsezo, ndende za Mikuyu ndi Dzeleka zidalipo, ndipo maiko akuluakulu ankadziwa. Koma Kamuzu ankadana ndi chikomyunizimu, ndiye adali wofunika. Khoma la ku Berlin litagwa mu 1989, Mandela natuluka m'ndende mu 1990, kufunikako kudatha. Maepiskopi adatulutsa kalata yawo pa 8 Malichi 1992. Pa 6 Epulo, mwana wa boma lino la Rumphi, Chakufwa Chihana wa ku Mhuju, adatsika ndege ku Lilongwe n'kumangidwa pabwalo pomwepo. Mu Meyi, maiko otithandiza atakumana ku Paris adaimitsa thandizo lonse kupatula lopulumutsa miyoyo. Pa 14 Juni 1993 tidavotera matipate. Kulimba mtima kudali kwathu, musalole wina akulandeni zimenezo. Koma kulimba mtima komweko kudalipo mu 1965, ndipo panthawiyo kunja kudali zii.

Pambuyo pake, boma latsopano la Bakili Muluzi lidatumanso Rubadiri ku mpando womwe uja wa ku New York. Ndimayesa kuganiza mmene adamvera polowanso m'holo imene adaisiya ali mnyamata. Maiko adali atachuluka, Soviet Union kulibe, tsankho la ku South Africa litagwa. Koma nkhani imodzi idamudikira pamalo pomwe adaisiya. Malawi adali akadali m'gulu la maiko ochepa olankhulira Taiwan. Funso limene lidagawa nduna mu 1964 lidali likadali pathebulo, ndipo tsopano iye ndiye adayenera kunyamula yankho limene Kamuzu adasankha. Ukazembe uli choncho. Nthawi zina umasenza mtolo umene sudamange ndiwe. Kusiyana kwake n'koti ulendo uno mtolowo udalibe magazi a anzake.

Ndipo musaganize kuti voti yathu idali yaulere. Inu a ku Mwazisi mukadwala kwambiri, akakulepherani ku chipatala cha Rumphi, amakutumizani ku Mzuzu Central. Chipatala chimenecho adamanga ndi a ku Taiwan, ndipo madokotala awo ndiwo adathandiza kuyambitsa chithandizo cha ma ARV kumeneko. Msewu wa Karonga kupita ku Chitipa adauyamba ndi iwowo. Dziko losauka lili ndi katundu mmodzi amene ngakhale olemera amamufuna: dzanja limene limakwezedwa ku New York limawerengedwa chimodzimodzi ndi la America.

Pa 28 Disembala 2007, boma la Bingu wa Mutharika lidasaina ubale ndi Beijing, ndipo mayi Joyce Banda, amene adali nduna ya zamaiko akunja, adalengeza pa 14 Januwale 2008. Ubale wa zaka 41 udatha. Mapanga awiri avumbwitsa, ndipo Beijing salola kuti munthu asunge onse awiri. Madokotala a ku Taiwan adalongedza. Msewu wa Chitipa adautsiriza ndi a China, namanganso nyumba ya Malamulo ku Lilongwe, yunivesite ya ku Thyolo ndi bwalo lamasewero la Bingu. Kodi tidalakwa? Sindikuganiza choncho. Tidangochita mu 2007 zimene Chiume ankanena mu 1964 ndi zimene America idachita mu 1979. Chimene chimandiwawa n'choti odwala a ku Mzuzu adamvera pawailesi ngati wina aliyense. Ndipo kumbukirani makasu a Mlowoka. Zina mwa zomangazo ndi mphatso, zina ndi ngongole, ndipo zonse ziwiri zili ndi tsiku lake lokumbutsa.

Chitsanzo china, chachifupi koma chowawa. Mu Epulo 2011 kalata yachinsinsi ya kazembe wa Britain kuno, Fergus Cochrane-Dyet, idatuluka m'nyuzipepala. Mmenemo adauza kwawo kuti mtsogoleri wathu wayamba nkhanza ndipo safuna kudzudzulidwa. Munthuyo ankangochita ntchito ya thenga, kuuza omutuma zimene waona. Tidamupirikitsa. Britain nayo idapirikitsa kazembe wathu, n'kuimitsa thandizo lake ku bajeti. Mukukumbuka mizere ya galimoto pamafiling'i siteshoni, zigubu zili mbwee, ndalama zakunja zitasowa, fodya ali pamtengo wolira nawo ku okushoni ya ku Mzuzu. Mukukumbuka zionetsero za pa 20 Julayi, ndi achinyamata amene adagona kumanda a Zolozolo. Mavutowo adali ndi mizu yambiri, sindikuti kalata imodzi ndiyo idabala zonse. Koma makolo adati nkhuyu zodya mwana zidapota wamkulu, ndipo chaka chimenecho zidatembenuka: adadya ndi akulu, zidapota ana.

Apa ndi pamene ndili ndi dandaulo ndi maboma athu onse, osasankha mtundu wa nsalu. Pamudzi, posankha thenga, simutenga munthu chifukwa choti adakuthandizani kukolola chaka chatha. Mumatenga wodziwa kulankhula, wodziwa mwambo wa kumene akupita, wosaledzera paphwando la eni. Koma chisankho chikangotha, timamva kuti akazembe aitanidwa kubwerera, ndipo m'malo mwawo mukupita amene adavina kwambiri pamisonkhano. Amene akukakumana nawo kumeneko ndi anthu amene akhala pantchitoyo zaka 20 kapena 30, odziwa mtengo wa fodya wathu kuposa ife eni. Rubadiri adapita ku Washington ali wamng'ono, inde, koma adali atawerenga, atakhala ndi anthu a maiko ambiri, ndipo ankatha kuima pamaso pa aliyense osanjenjemera kapena kudzikweza. Alipo akazembe otere ngakhale lero mu unduna wathu. Kungoti nthawi zambiri amakhala achiwiri kwa munthu amene akuphunzira kumene kugwira foloko.

Ndibwererenso kwanu kuno ndisadatseke. Mu Seputembala 2022, boma lathu lidasaina ku Washington mgwirizano wa madola 350 miliyoni ndi bungwe la boma la America lotchedwa Millennium Challenge Corporation. Mwa misewu imene idalembedwa mmenemo mudali wochokera pa Chikwawa, kuno ku Rumphi, kupita ku Euthini. Aliyense amene adakwerapo lole ya mabelo nthawi ya dzinja m'dera limenelo akudziwa tanthauzo la phula. Mu 2025 boma lidasintha ku America, atsopanowo adayamba kudula thandizo lopita kunja, ndipo ntchitoyo idaima. Palibe chimene mlimi wa pa Mwazisi adalakwa. Palibenso chimene kazembe wathu adalakwa. Anthu a ku Ohio ndi ku Texas adavota, fumbi n'kutsala pa Chikwawa.

Rubadiri atachoka ku New York adadzatsogolera University of Malawi kuyambira mu 2000, kenako adakapumira ku Mzuzu, kumene adamwalira pa 15 Seputembala 2018 ali ndi zaka 88. Pa ndakatulo zake pali ina imene adalemba za tsiku limene Henry Morton Stanley adafika kwa Kabaka Mutesa wa ku Buganda mu 1875. Sindiyilakatula pano, mukaifune nokha. Ndimangodabwa kuti mnyamata amene adadzakhala thenga wathu woyamba adali atayamba kale kuganizira za mphindi imeneyo, pamene mfumu imayang'ana mlendo wotopa ndi ulendo, n'kuganiza ngati imutsegulire chipata.

Nthawi yathu yatha. Inu amene mawa mukudzuka m'mamawa kukasankha fodya, musaiwale kutumiza ana kusukulu, pakuti alangizi aja akubwerabe ndi mafomu awo.